Njoka za m'Dambo ndi Moto wa Dzuwa

Kwa mafumu, nyakwawa, ndi onse akulima m'madimba.

Mvula ikaleka, ndi chimanga chikalowa m'nkhokwe, anthu ambiri atsikira ku dambo, ena kukatipula madimba, ena kukamweta bango la mphasa, ena kukatchera miono. Ndipo kumeneko akomana ndi njoka kawirikawiri koposa ku minda ya kumtunda. Tsono chifukwa cha mantha, wina akangoona njoka athamangira mpini, osayamba wadziwa ngati njokayo iri ndi ululu kapena iai. Ndipo wina, chifukwa cha kusadziwa, apisa dzanja pamene munthu wodziwa sakadapisa, nalumidwa. Kabuku aka kalembedwa kuti mudziwe chinthu chimodzi chimene chilamulira mayendedwe onse a njoka ya m'dambo, ndicho kutentha ndi kuzizira. Mukadziwa malo ofunda ndi malo ozizira pa nthawi iri yonse ya tsiku, mwadziwanso pogona njoka.

NJOKA IRIBE MOTO WA M'THUPI

Munthu, mbuzi, nkhuku, ngakhale mbewa ya ku una, zonsezi ziri nao moto wao wa m'thupi. Chakudya chimene tidya chipsa pang'onopang'ono m'kati mwathu, monga chikuni chogona pa moto usiku wonse, nichifunditsa mwazi. Chifukwa chache a ku chipatala akayesa munthu wosadwala apeza madigiri 37, kungakhale pa Dedza mwezi wa Juni, kungakhale pa Nsanje mwezi wa Novembala. Kukazizira tinjenjemera, kukatentha tichita thukuta, ndipo thupi libwerera pa muyeso wache.

Njoka sitero. Moto umene upsa m'kati mwache ngwochepa, sukwanira kuifunditsa; iribe ubweya kapena nthenga zosunga kufunda, ndiponso siichita thukuta. Thupi lache lingotenga kutentha kwa malo amene igonapo. Ikagona pa mwala wotentha itentha, ikalowa m'madzi ozizira izizira. Ena ati njoka iri ndi mwazi wozizira, koma mau amenewa asokeretsa, pakuti njoka imene yaothera dzuwa nthawi yaitali ikhoza kufunda pafupifupi ngati dzanja lanu. Chimene iribe ndicho moto wa iyo yokha. Ichita kupempha kwa dzuwa, kwa nthaka ndi kwa madzi, monga mai amene moto wamzimira apita kukapala kwa mnansi wache.

Komatu si kutentha kuli konse kumene kuikomera. Ku Canada, dziko lozizira la kumpoto kwa America, akatswiri awiri, Gregory Brown ndi Patrick Weatherhead, anaika tiwailesi tating'ono m'matupi a njoka za m'madzi za m'madambo a kumeneko. Ndipo tiwailesito tinali kuwauza pamene pali njoka iri yonse, ndi kutentha kwa thupi lache, usana ndi usiku. Zimene anapeza anazisindikiza m'chaka cha 2000, ndizo kuti njokazo zikakhala ndi posankha, zifuna kuti thupi likhale pakati pa madigiri 25 ndi 30. Njoka za mitundu ina yambiri zayesedwanso m'maiko ena, ndipo zambiri zikonda muyeso wosatalikirana ndi umenewu. Thupi likazizira kwambiri, minofu iuma, njoka iyenda mwaulesi, siikhoza kugwira chule kapena kuthawa mdani. Ndipo chimene yameza sichigayika, chingobvunda m'mimba kufikira ichisanza. Thupi likatentha kupitirira pang'ono madigiri 40, njoka ifa. Pa mchenga wa mwezi wa Okutobala, dzuwa liri pamutu, popanda mthunzi, siingakhale ndi moyo nthawi yaitali.

Makhalidwe amenewa ali ndi phindu lache kwa njoka. Popeza siisonkha moto wa m'thupi, siifuna nkhuni zambiri. Mbewa iyenera kudya tsiku ndi tsiku, ikapanda kutero ifooka msanga. Koma njoka yolemera chimodzimodzi ikhuta chule mmodzi masiku angapo, ndipo nsato ikameza nchenzi ikhala masabata osafunanso kanthu. Potero nthawi yambiri ya moyo wa njoka siithera pa kusaka. Njoka imene muipeza itatambalala pa mzere wa mbatata siiri kulalira munthu, iri kuotha.

CHIMENE CHIKOMETSA DAMBO

Chakudya ndi chifukwa chimodzi, pakuti m'dambo muli achule, mbululu ndi tinsomba. Koma chifukwa china, chimene anthu sachiganizira, nchakuti madzi ndi nthaka sizifunda pamodzi. Nthaka youma itentha msanga dzuwa likatuluka, nizizira msanga likalowa. Madzi achedwa kufunda, achedwanso kuzizira. Yesani nokha: mamawa a mwezi wa Juni, pamene nkhungu ifuka pa dziwe, pisani dzanja m'madzi, ndipo mudzamva kuti afunda koposa mphepo imene ikuombani kumaso. Mubwerenso masana a malimwe, pamene njira iotcha mapazi, ndipo madzi omwewo adzakhala ozizira bwino.

Tsono m'mphepete mwa dambo, pa malo amene mwana angalumphe kawiri kapena katatu, pali zonse zimene njoka ifuna. Pali gombe louma lotentha ndi dzuwa; pali bango lakugwa, loyandama, lofunda pamwamba ndi lonyowa pansi; pali mthunzi wa gumbwa ndi njedza; pali madzi osaya amene dzuwa liwafunditsa masana, ndi madzi akuya amene sasintha msanga; palinso mauna a nkhanu ndi mizu yolukana, mmene kutentha sikukwera kwambiri kapena kutsika kwambiri. Njoka ya kumtunda iyenera kuyenda ulendo kuti ichoke pa dzuwa kunka pozizira, ndipo pa ulendowo mbalame zolusa ziiona. Njoka ya m'dambo ingotsetsereka pang'ono, nifika. Ichi ndicho chifukwa chache njoka zichuruka pamene madzi akomana ndi mtunda, osati pakati pa dziwe kapena kutali ndi madzi. Ndipo bvuto lathu liri pomwepa, pakuti pamene madzi akomana ndi mtunda mpamene ife tikumba zitsime, titunga madzi, tichapa, titema bango ndi kuunda mizere.

Koma dambo liri ndi choipa chache. Usiku wopanda mitambo, mphepo yozizira itsika m'zitunda monga madzi atsikira, nisonkhana m'dambo. Alimi a m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu adziwa ichi, pakuti chisanu chitentha nyemba ndi matimati a m'dimba pamene mbeu za pa chitunda ziri bwino. Usiku wotere njoka siingagone poyera. Ilowa pansi pa nthaka, kapena pansi pa mulu wa zinyalala, kapena m'chulu, pakuti m'kati mwa chulu kutentha sikusinthasintha monga kunja.

TSIKU LA NJOKA

Lingalirani njoka yoyenda masana, m'nyengo ya masika. Mbandakucha iri m'una mwache, yozizira, yolefuka. Siituluka pamodzi ndi inu, pakuti udzu ukali ndi mame. Dzuwa likakwera pang'ono, mame nayamba kuuma, iturutsa mutu, kenaka thupi lonse, nifuna malo oyang'ana kum'mawa, osaomba mphepo, okhala ndi pothawira pafupi. Iphwatalala thupi kuti dzuwa ligwere ponse, nigona chopingasa ndi dzuwa. Malo akuda iwakonda koposa oyera, popeza chakuda chimwa dzuwa msanga: nthaka yakuda yongotipulidwa, chitsa chopserera, mwala wakuda, lata logona pansi.

Nthawi imeneyi, ya m'mawa dzuwa litangofunda, ndiyo muyenera kuchenjera nayo koposa. Njoka yofunda imva kugunda kwa mapazi anu m'nthaka mukali kutali, nichoka, inu osadziwa kuti inalipo. Koma njoka imene ikali yozizira siikhoza kuthawa msanga. Ingokhala duu, kukhulupirira kuti simuiona, ndipo mukaiponda ichita chimodzi chokha chimene chaitsalira. Musaganize kuti kuzizira kuchepetsa ululu. Kuchepetsa liwiro lokha.

Ikafunda iyamba kusaka. Ikalowa m'madzi kutsata chule, madzi aichotsera kufunda kwache msanga, pakuti madzi aba kutentha koposa mphepo. Tsono iturukanso, nikwera pa bango kuothanso, kenaka nibwereranso m'madzi. Munthu wodekha akakhala chete pa gombe akhoza kuona kubwerezabwereza kumeneku ndi maso ache. Paja akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Dzuwa likafika pamutu, njoka isowa poyera. Iri mumthunzi wa bango, kapena pansi pa masamba a maungu, kapena m'madzi mutu wokha uli kunja. Madzulo iturukanso pang'ono, nigona pa mwala kapena pa njira youma imene yasunga kutentha kwa usana.

Pali nthawi zitatu zimene njoka ifuna moto koposa masiku onse, ndipo pamenepo ikakamira pa dzuwa ngakhale munthu ayandikire. Yoyamba ndiyo itameza kanthu, pakuti mimba yache siigaya bwino yosafunda. Yachiwiri ndiyo pamene yaikazi iri ndi mazira m'mimba. Yachitatu ndiyo ikayandikira kufundula. Pamenepo maso ache achita chimtambo, siiona bwino, ndipo ipsa mtima msanga.

ENI DAMBO

Maina a njoka asiyana mudzi ndi mudzi, kotero ndidzanena maonekedwe koposa maina.

Yoyamba ndi kanjoka kobiriwira ngati tsamba la mpunga, koonda, ka maso akuru, kamene ena akatcha namasamba. Kayenda masana, kakwera pa bango kuothera dzuwa, ndipo mukakadzidzimutsa kagwera m'madzi nikasambira mutu uli m'mwamba. Kadya achule ang'ono ndi tinsomba, ndipo karibe ululu konse. Koma kaphedwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mbiri ya mbobo ya m'mitengo, imene nayonso ikhala yobiriwira, ndipo ipha ndithu. Sindikuuzani kuti muzigwira njoka yobiriwira ndi manja kuti muone ngati ndi iti. Ndingoti muileke ipite, pakuti idzapita yokha.

Yachiwiri ndi kanjoka kodera, kosapitirira kawirikawiri utali wa mkono kuyambira pa chigongono, kokhala ndi mzere wakuderapo pamsana. Kakonda udzu wonyowa wa m'mphepete mwa madambo akuru monga a ku Chilwa. Nakonso karibe choopsa. Kali ndi nzeru yache yodabwitsa: mbalame ikakagwira ku mchira, kazungulira mwamphamvu kufikira mchira uduka, nikathawa, koma mchirawo suphukanso monga wa buluzi, ndipo chifukwa chache tambiri tipezeka ndi mchira wachibuthu.

Yachitatu ndiyo njoka ya m'madzi yeniyeni, yosalala, yakuda kapena yodera pamsana ndi yoyererapo kumimba. Mtundu umodzi wa njoka zimenezi unalembedwa m'mabuku a akatswiri m'chaka cha 1897, nutchedwa dzina la Alexander Whyte, amene anali kusonkhanitsa zinyama ndi zomera m'dziko lino masiku amenewo. Wina, wa m'mitsinje ya ku Mulanje, unalengezedwa ndi Arthur Loveridge m'chaka cha 1953. Njoka izi simuziona kawirikawiri, pakuti ziyenda usiku. Wina angafunse kuti, nanga njoka yosowa moto iyenda bwanji usiku, dzuwa kulibe? Yankho liri m'madzi muja. Madzi osaya amene dzuwa lawafunditsa usana wonse asunga kufunda kwao mpaka usiku, ndipo njokayi isambira m'menemo, nigwira achule ndi nsomba, nizifinya ndi thupi lache monga ichita nsato. Masana ibisala pansi pa miyala ndi mizu ya pa gombe. Iribe ululu.

Palinso ina ya usiku, yotuwa ndi timaanga toyera, ya mutu wakuda m'mbali ndi mlomo wa m'mwamba woyera kapena wofiira, imene isaka achule m'madimba. Mukaipeza iphwatalala mutu, nidzionetsa ngati yoopsa kwambiri, niluma mphepo. Koma ululu wache ngwochepa, supha munthu.

Zikadakhala izi zokha, kabuku aka sikakadafunika. Koma ku dambo kubwera alendo ena, okokedwa ndi achule omwewo ndi kufunda komweko. Kuli mamba, ija itukula mutu ndi kufutukula khosi. Ina ndi yaikuru, yodera kumutu ndi yakuda kumchira, yofika mamita awiri ndi kuposa, yodziwa kusambira ndi kugwira nsomba. Ikonda kuothera dzuwa m'mawa pafupi ndi una wache, kawirikawiri pa chulu cha m'mphepete mwa madzi. Ina ndi yolabvula, imene iponya ululu m'maso mwa munthu ali pa mtunda wa mamita awiri. Zazikuru ziyenda usiku, ndipo zilowa m'nyumba kufuna makoswe ndi achule, niziluma anthu ogona pansi. Kulinso mphiri, imene siithawa konse, kufunde kapena kuzizire, ndipo isambira bwino ngakhale ioneka yolemera. Madzulo ikonda kugona pa njira youma yofunda, njira yomweyo imene ana abwerera nayo kuchokera ku chitsime.

Za nsato ndinene mochurukirapo, pakuti makolo athu anailemekeza, ndipo ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, anthu a Mbona ailemekeza kufikira lero. Nsato ikonda madzi. Kukatentha igona m'dziwe nthawi yaitali mphuno zokha ziri kunja, ndipo pomwepo ilalira zinyama zakudza kumwa. Kwa mlimi wa mpunga, nzimbe ndi chimanga cha m'dimba, nsato ndi mlonda wosalipidwa, pakuti idya nchenzi ndi makoswe. Graham Alexander, wa pa sukulu ya ukachenjede ya Witwatersrand ku Johannesburg, anatsata nsato zaka zambiri ndi tiwailesi tonga tija, nasindikiza zimene anaona m'chaka cha 2018. Nsato yaikazi ikaikira mazira ache m'una, khungu lache lisandulika lakuda bii. Ituruka nigona pa khomo la unawo kufikira thupi litentha pafupifupi madigiri 40, muyeso woyandikira imfa. Pamenepo ilowa nizinga mazirawo, kuwapatsa moto umene yatenga kwa dzuwa. Itero tsiku ndi tsiku, osadya kanthu, niionda kwambiri. Ndipo ana akaswa ikhala nao monga masabata awiri. Nkhuku ifungatira ndi moto wa m'thupi mwache. Nsato ichita kukautenga kunja. Mukaona nsato yakuda itagona pa khomo la una masiku otsatana, dziwani kuti m'katimo muli mazira, ndipo muuze abusa a mbuzi alambalale.

NYENGO ZA CHAKA

M'miyezi ya Juni ndi Julayi njoka ziyenda pang'ono ndi kudya pang'ono. Kuno kwathu sizigona miyezi yathunthu monga zichita za ku Canada, koma zikhala pafupi ndi mauna ao, ndi kuturuka masana okha dzuwa likawala. Masiku a chiperoni, pamene nkhungu ndi mvula yowaza ziphimba mapiri a Thyolo ndi Mulanje, simudzaona njoka poyera. Koma tsiku loyamba la dzuwa chiperoni chitatha, zonse zituruka pamodzi kudzaotha. Tsiku limenelo yendani ndi maso.

M'nyengo yomweyi zikonda miulu ya udzu ndi mapesi imene tiunjika m'mphepete mwa dimba. Zinyalala zikamaola zituruka kutentha, monga adziwa yense wakupanga manyowa amene anapisa dzanja m'kati mwa mulu. Kwa njoka mulu wotere ndi nyumba ya moto wosazima. Ndipo nyengo ya kuikira ikafika, zina ziikira mazira ao momwemo, pakuti njoka zambiri sizifungatira monga nsato, zingosiya mazira pa malo ofunda ndi achinyezi. Manyowa ndi abwino, ndipo sindidzaleka kukuuzani kuti muwapange. Koma mulu uutembenuze ndi khasu kapena foloko, osati ndi manja, ndipo usakhale pa njira kapena pamene asewera ana.

M'malimwe zinthu zitembenuka. Tsopano njoka ithawa dzuwa, ndipo zambiri zimene zinali kuyenda masana ziyenda mamawa, madzulo ndi usiku. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kupitirira madigiri 40 masiku ena a Okutobala ndi Novembala, njoka siingakhale poyera masana ngakhale pang'ono. Madzi akamaphwa, nsomba ndi achule aunjikana m'maiwe otsala, ndipo njoka, mbalame ndi anthu akomana pomwepo. Nyanja ya Chilwa, imene ndi yosaya, inaphwa m'chaka cha 1968, ndi cha 1995, ndiponso mbali yaikuru m'chaka cha 2018; zaka zotere zamoyo zonse za m'madzi zipanikizana pa malo ochepa onyowa. Chitsime cha m'dimba, chokhala ndi mthunzi ndi achule m'kati, chiri chimodzi cha malo amenewo. Suzumirani musanatsike.

Mvula yoyamba ikagwa, achule alira, ndipo njoka ziyenda koposa nyengo zonse, pakuti usiku ngwofunda ndi chakudya chachuruka. Madzi akasefuka, monga anachita m'chigwa cha Shire mwezi wa Januwale 2015, ndi pa namondwe wa Freddy mwezi wa Malichi 2023, mauna onse amira, ndipo njoka zikwera pa zitunda, m'mitengo ndi pa matsindwi, pamene pathawiranso anthu. Pobwerera ku nyumba madzi ataphwa, yambani mwagwedeza mphasa, madengu ndi nkhuni ndi ndodo yaitali.

MAU KWA MAFUMU

Inu mafumu ndi nyakwawa, amene mugawa madimba, pali kanthu kamene kali m'manja mwanu. Chaka ndi chaka anyamata atentha dambo pofuna mbewa, kapena poti apirikitse njoka. Taonani chimene chichitika. Moto upha tinjoka tating'ono topanda ululu, timene tibisala m'udzu. Koma mamba ndi mphiri zimene ziri pansi m'chulu zipulumuka. M'mawa mwache zituruka, nizipeza dziko lakuda, lopanda mthunzi, lotentha masana ngati chiwaya. Zidzanka kuti? Malo obiriwira ndi ozizira amene atsala ndiwo madimba anu, ndi nthochi za kuseri kwa nyumba. Wotentha dambo sapirikitsa njoka; aziitanira ku mudzi.

Chimodzimodzi ndi kulima kufikira m'madzi. Pogawa madimba siyani lamba wa bango ndi udzu m'mbali mwa mtsinje, wosalimidwa ndi wosatenthedwa. Lamba ameneyu agwira nthaka kuti isakokoloke, asunga chinyezi cha dimba kufikira malimwe, ndipo apatsa njoka pokhala pao pamene munthu saponda. Koma njira ya ku chitsime ndi ya ku dooko ilambulidwe, ikhale yotakata, kuti wakuyenda aone poponda; ndipo pamene amai atunga madzi pasakhale miulu ya miyala, njerwa, malata akale kapena mitolo ya bango yogonekedwa masiku ambiri. Nchito imeneyi mudzi ukhoza kuitha m'mawa umodzi, mfumu ikaitana.

Wakumweta bango kapena udzu ayambe wagwedeza ndi ndodo patsogolo pache asanalowetse zenga, makamaka m'mawa wozizira, ndipo apatse njoka nthawi yoti ichoke. Wakunyamula mtolo umene wagona ku dambo autembenuze ndi ndodo asanausenze. Wakuonjola mono asuzumire asanapise, pakuti njoka ilowa kutsata nsomba nilephera kuturuka. Ali nazo jombo abvale. Woyenda usiku atenge nyali kapena tochi. Ndipo m'midzi ya pafupi ndi dambo, neti ya udzudzu yopisiridwa bwino pansi pa mphasa itchinjiriza ku malungo ndi ku mamba yolowa usiku pamodzi.

MUNTHU AKALUMIDWA

M'chaka cha 2017 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda a m'maiko otentha amene anyalanyazidwa, popeza akufa ndi kulemala nako ndiwo alimi ndi ana a m'midzi. Ambiri a iwo aonongeka chifukwa cha kuchedwa, ndi chifukwa cha zimene abale awachitira ndi mtima wabwino.

Musamange mwendo ndi chingwe kapena luzi kuti mwazi uime. Ululu wa mphiri ndi wa mamba yolabvula uononga mnofu pa malo olumidwa; mukautsekera pamenepo ndi chingwe, mwendo utupa, nuola, ndipo ena adulidwa miyendo chifukwa cha chingwe. Musateme mphini pa bala, musayamwe, musatenthe ndi moto. Mwala wakuda umene ena agulitsa sukoka ululu. Ndidziwa kuti ambiri adzati, wakutiwakuti anachira nao. Koma kumbukirani kuti njoka zambiri za m'dambo ziribe ululu, ndiponso yaululu nthawi zina iluma osathira kanthu, kotero munthuyo akadachira ngakhale popanda mwalawo.

Mchotseni wolumidwayo pamene pali njoka, mumkhazike pansi, mumlimbitse mtima. Mbvuleni mphete, zibangiri ndi nsapato chiwalo chisanatupe. Mangirirani mwendo kapena mkono ku kamtengo koongoka, mosathina, kuti usagwedezeke, pakuti kuyenda ndi kuthamanga kufulumiza ululu m'thupi. Mnyamuleni pa machira, pa njinga kapena pa ngolo kunka ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale iye ati sakumva kanthu. Ululu wa mamba yaikuru ija suyamba ndi kutupa kwambiri, uyamba ndi kulemera kwa zikope, kubvuta kumeza ndi kupuma. Akayamba kusanza kapena kufooka, mgonekeni chammbali. Musataye nthawi kusaka njokayo kuti muiphe, pakuti potero wolumidwa akhala awiri. Kumbukirani maonekedwe ache ndi nthawi imene inaluma, mukauze a ku chipatala, amene ali ndi mankhwala olowetsa m'mtsempha akupha mphamvu ya ululu.

Mamba ikalabvulira munthu m'maso, asatikite. Tsukani masowo ndi madzi ambiri oyera, kuthira ndi kuthiranso nthawi yaitali, zikope zitatsegulidwa, ndipo pambuyo pache apite ku chipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati diso lazulala m'kati.